Galimoto ya Ajira pa Chowe

Galimoto ya Ajira inafooka kachitatu pa phiri la Chowe, pamalo omwewo pamene msewu wa ku Namwera umakhota kawiri motsatizana. Sinazime ayi. Inangotha mphamvu ngati munthu amene wagona ndi malungo masiku anayi, kanyali kofiira n'kuyaka kuseri kwa chiwongolero. Ajira anaponda mafuta mpaka pansi, koma galimoto inkangokwawa, moti wanjinga yamoto amene ananyamula mayi ndi mbuzi anamupitirira uku akucheuka. Anaimika pambali n'kudikira ola lathunthu monga anachitira maulendo awiri aja. Kenako anatembenuza n'kutsetsereka kubwerera ku Mangochi, matumba asanu ndi anayi a usipa ali momwemo.

Ajira anali wa ku Nkope. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankagula usipa padoko, kuufutsa, kuuyanika pathandala, n'kukaugulitsa ku Namwera. Zaka zonsezo ankayenda pa matola. Oyendetsa matola sakonda usipa. Ankauponya pamwamba penipeni, kapena pansi penipeni pamene anthu amaponda, ndipo pofika kumsika theka la thumba limakhala fumbi. Mafuta atayamba kusowa, matola nawonso anayamba kusowa. Tsiku lina atakhala pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anabwerera kunyumba n'kuuza amuna ake, a Bakali, kuti agula galimoto yake.

Kale munthu wa ku Mangochi akafuna galimoto ankakwera basi kupita ku Limbe ndi makaniko wake. Makaniko ankanunkhiza oyilo, kugona pansi, kumvetsera injini. Galimoto ikafika kuno, panali mayeso omaliza amene aliyense ankawadziwa: kuisenzetsa katundu ndi kuikweza Chowe, a Marko ali m'kati. A Marko anali makaniko wamkulu m'tauni muno, ochokera ku Malindi, ndipo galimoto imene iwo aigwedezera mutu movomereza pamwamba pa phiri inali galimoto ndithu. Masiku ano si choncho. Galimoto imagulidwa pafoni. Swadick, mng'ono wa a Bakali, ndiye ankagwira ntchito imeneyi. Ofesi yake inali khonde la sitolo pafupi ndi mlatho, mpando umodzi ndi foni. Anamuonetsa Ajira zithunzi makumi atatu za galimoto yoyera itaima pamvula ku Japan. Inali ya mtundu umene amati haibulidi, yoyendera mafuta pang'ono mothandizana ndi batire lalikulu lobisika m'kati mwake. Inayenda pamadzi miyezi iwiri, inatsikira ku Dar es Salaam, inalowera ku Songwe, ndipo inafika pa Nkope isanakhudzidwepo ndi makaniko aliyense wa kuno.

Swadick sananame. Galimoto inali monga m'zithunzi, ndipo inkamwa mafuta ngati mwana wa mbuzi. Swadick anapereka langizo limodzi lokha. Anati masiku ano galimoto sukalamba nayo, umayendera zaka ziwiri n'kuigulitsa, n'kuitanitsa ina, choncho isalowe fungo la nsomba chifukwa palibe adzaifune. Anagula yekha pepala lakuda la pulasitiki, lija timayala pansi pa udzu pofolera nyumba, ndi tepi yomata. Ajira anakhala tsiku lonse akukuta mipando yakumbuyo, pansi, m'mbali. Kabowo kalikonse kamene anakaona anakamata, kuti fumbi la usipa lisapeze polowera. Miyezi yozizira galimoto inayenda bwinobwino. Mavuto anayamba mu Okotobala.

Atatsika Chowe tsiku limene galimoto inafooka kachitatu lija, Ajira analunjika pakhonde la Swadick. Iye anatulutsa kamakina kake kokhala ngati bokosi la machesi, n'kukabaya pansi pa chiwongolero, n'kumawerenga pafoni. Anawerenga nthawi yaitali. Kenako ananena kuti batire lalikulu lija likufa. Latsopano kuno kulibe, ndipo kuliitanitsa kunja ndi nkhani ina yaikulu. Koma anati akudziwa munthu wa ku Blantyre amene amagula galimoto zoterezi n'kuziphwasula, kumagulitsa zitseko pazokha, magalasi pawokha. Munthuyo abwera Lachisanu akatuluka kumzikiti. Chofunika n'chakuti Ajira abweretse bulubuku, chikalata cha umwini wa galimoto, chimene chinali m'dzina lake.

"Alamu, gulitsani ikadali kuyenda," anatero Swadick. "Ikangogona, munthu ameneyu sadzayang'ananso."

"Mwaiona batireyo ndi maso anu?"

"Foni yaiona."

"Foni yomweyo inaona kuti ndi galimoto yabwino."

Swadick anaseka, nati galimoto za masiku ano si zoti munthu n'kutsutsana nazo, zimanena zokha matenda awo. Sankafuna kumupweteka mlamu wakeyo. Iye zinthu ankaziona choncho, kuti chinthu chikayamba kuvuta uchisiye msanga.

Kunyumba a Bakali sanalankhule zambiri. Anali akusoka ukonde pansi pa mtengo, ndipo anangoti Swadick ndiye amadziwa za magalimoto, komanso kuti bwato lawo lakhala likufuna injini kwa nthawi yaitali. Ajira anamva zonse ziwiri. Analowa m'nyumba, anatenga bulubuku m'sutikesi, n'kulikulunga m'kansalu, n'kulimangirira m'chiuno pansi pa chitenje.

Lachitatu m'mawa anapita ku galaja ya a Marko, kuseri kwa msika. Galajayo inali mpanda wa malata ndi mtengo wa mango, ndipo khomo lake linali limodzi. Ajira anaimika galimoto yake mopingasa pakhomopo, n'kuzimitsa, n'kutsika.

A Marko anatulutsa mutu pansi pa lole yakale imene ankakonza. Anali munthu wamfupi, wa imvi, kamtanda kakang'ono kakulendewera pakhosi pa ovolosi.

"Mayi, mwatseka njira."

"Ndikudziwa, Che Marko."

Anawafotokozera zonse, za Chowe, za kanyali, za munthu wa ku Blantyre. A Marko anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakana. Anati galimoto zimenezi sazigwira. Muli nthambo zonenepa zimene zikhoza kupha munthu pomwepo, ndipo iwo sanaziphunzire. Anati ntchito yawo yonse ili m'khutu. Anaonetsa sikuludilaiva yawo yaitali, imene amagunditsa nsonga yake pa injini, chogwirira n'kuika pakhutu. Zaka makumi atatu ndi zisanu akhala akumva matenda a galimoto motero. Tsono galimoto imene imanyamuka mwakachetechete ngati mphaka, aimva bwanji? Anawonjezeranso mawu ena amene anaoneka kuti anakhala nawo nthawi yaitali. Anati pamene anthu ankagula galimotozi pafoni palibe anabwera kudzawafunsa, ndiye zikavuta apite kwa foni komweko.

"Sindinati muigwire," anatero Ajira. "Ndati muikwere."

"N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi. Galimoto zonse za m'tauni muno munazikweza Chowe. Yanga yokha ndiye ikaphedwe osaimva? Mukaimva n'kunena kuti yafa, ndikapereka ndekha bulubuku. Koma mawu a bokosi la machesi ayi."

A Marko anabwerera pansi pa lole. Ajira anatenga chitini cha oyilo chopanda kanthu, anachitembenuza, n'kukhalapo pamthunzi wa mango. Anakhala. Dzuwa linakwera. Cha m'ma leveni mwini wa lole ija anabwera, galimoto yake itatha kukonzedwa, n'kupeza kuti palibe potulukira. Anayamba ndi kupempha, kenako anakalipa, kenako anati aitana apolisi. Ajira anamuuza mwaulemu kuti makiyi ali nawo, ndipo achotsa galimoto nthawi yomweyo a Marko akangovomera. Mwini loleyo anatembenukira kwa a Marko n'kuwafunsa kuti kodi kukwera galimoto ya mayi kwavuta pati, poti iwo akwerapo ngakhale mathirakitala.

A Marko anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene manjawo ankafunira.

"Mawa m'mawa," anatero. "Mupakire monga mumapakirira masiku onse. Musachotse kanthu, musawonjeze kanthu. Ndipo sindikulonjeza chilichonse."

Lachinayi Ajira anawapeza ataima pamsewu, sikuludilaiva ili m'thumba la ovolosi. Matumba asanu ndi anayi aja anali m'malo mwake, anayi kubuti, asanu pampando wakumbuyo, othinana mpaka kudenga. A Marko anakhala kutsogolo. Atawoloka mlatho anati wailesi izimitsidwe. Anatsegula windo, anamvetsera, anatsekanso. Injini inkati ikalira pang'ono n'kukhala chete, kenako n'kuyambanso yokha, ndipo nthawi iliyonse ikakhala chete a Marko ankagwira chitseko ngati galimoto yazima. Anang'ung'udza kuti chinthu chotere sichinapangidwire anthu.

Anayamba kukwera. Kunja kunali kutatentha kale, mitengo ya m'phiri itayoyoka masamba. Pokhota poyamba galimoto inakoka bwino. A Marko anagunditsa sikuludilaiva pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuika khutu. Anapukusa mutu. Anagunditsa pachitseko. Anagunditsa pachitsulo chimene mpando wawo umayendapo, ndipo apa anakhalitsa. Kenako anamasula lamba, anagwada pampando chotembenuka, n'kulowetsa mutu pakati pa mipando iwiri mpaka chipewa chawo chinagunda thumba la usipa.

"Kumbuyo kuno kuli chiyani?"

"Usipa."

"Usipa sulira. Kuli kanthu kakulira ngati udzudzu."

Asanafike pokhota kawiri paja, kanyali kofiira kanayaka, ndipo galimoto inayamba kukwawa. A Marko anati aimike koma asazimitse. Anatsika onse awiri n'kuyamba kutsitsa matumba a pampando wakumbuyo, kuwasanjika m'mbali mwa msewu. Thumba lachisanu, la pansi penipeni kumbali ya chitseko, linali lofunda ngati lakhala padzuwa. A Marko anayendetsa chikhatho papulasitiki yakuda ija, pang'onopang'ono, mpaka anafika m'munsi mwa mpando, pamene tepi inamatidwa kanayi mopingasa. Kulira kuja tsopano ngakhale Ajira ankakumva, kanthu kozungulira mwamphamvu koma kobanika.

"Apa munamatapo chiyani?"

"Timabowo. Tokhala ngati sefa. Ndinaona kuti fumbi lizilowamo."

A Marko anapempha mpeni. Ajira anawapatsa umene amadulira zingwe za matumba. Anacheka tepi mosamala, kuopa kulowetsa nsonga m'kati, n'kukanganula. Pansi pake panali timabowo tija, ndipo atayandikiza chingwe cha thumba, chingwecho chinakokedwa n'kukakamira pomwepo. Kulira kuja kunasintha, kunatsika, kunakhala ngati mpweya wa munthu amene wamasulidwa pakhosi.

A Marko anakhala pansi pamwala. Anati iwo za batire limeneli sadziwa, koma chinthu chilichonse chimene chimagwira ntchito chimatentha, ndipo chimene chimatentha amachipatsa popumira. Zikuoneka kuti batire lili pansi pa mpandowo, ndipo kafani kake kamakoka mpweya pa timabowo timeneti. Miyezi yozizira linkapirira. Kutentha kwa Okotobala, phiri, ndi matumba asanu pamwamba, linalephera.

"Munaitseka mphuno, mayi."

Ajira anayang'ana tepi imene inali m'manja mwa a Marko. Ankakumbukira bwino tsiku limene anaimata, mmene anasankhira malo amenewo kuti amatepo kanayi chifukwa ndi pamene panali mabowo ambiri. Palibe anamutuma kumata pamenepo. Anachita yekha, ndi manja ake, akuganiza kuti akusamala.

Anafunsa ngati tsopano yachira. A Marko anati sanganene. Mwina batire langotopa ndipo likazizira libwerera. Mwinanso miyezi yonseyi ya kubanika yalipsereza kale m'kati, ndipo zikatero Swadick akhala kuti ananena zoona. Anati aizimitse, adikire ola limodzi, zitseko zili zotsegula, kenako phiri lomweli liwauza.

Akudikira choncho foni ya Ajira inalira. Anali Swadick. Anati munthu wa ku Blantyre uja wasintha, wafika lero chifukwa akupitirira ku Monkey Bay, ndipo ali naye pakhonde pompano. Mawa sabweranso. Ajira anamuuza kumene ali ndi zimene apeza. Swadick anati zimenezo n'zotheka, iye za timabowo sankazidziwa, koma sizisintha kanthu. Batire likapsa lapsa. Anati munthuyo adikira mpaka wani koloko basi, ndipo akapita, galimoto n'kudzagona sabata yamawa, Ajira adzatsala ndi chitsulo chopanda ntchito. Anati a Bakali nawonso ayimba kawiri kufunsa.

"Che Marko akuti chiyani?" anafunsa Swadick. "Akuti yachira?"

Ajira anawayang'ana a Marko. Iwo anatambasula manja.

"Akuti sakudziwa."

"Ndiye mukukaniranji, alamu? Ngakhale madala anuwo sakudziwa."

"Iwo akuti sakudziwa. Inu simunkadziwa, koma munaitana kale wodzaiphwasula."

"Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa, alamu, ndipo sindikukwiyirani. Koma mumuuze mlendo wanuyo apitirize ulendo wake. Galimoto iyi sindinaigule kuti ndizimusungira munthu wina. Pulasitiki yonseyi ndimakutira ndani? Ndakhala ndikuyenda ngati ndabwereka."

"Nanga ikafa?"

"Ikafa idzafera pakhomo panga. Nkhuku zanga zilibe khola."

Swadick anayamba kunena zina, koma Ajira anadula foni n'kuiika m'chikwama. Anadziwa kuti madzulo kukakhala nkhani ndi a Bakali, ndipo anadziwanso kuti mwina wangotaya mwayi wokhawo umene unalipo. Anapita ku galimoto, anagwira m'mphepete mwa pulasitiki ija, n'kukoka. Tepi inalira ikukanganuka. Anakoka ya pampando, ya pansi, ya m'zitseko, mpaka nsalu ya mipando inaonekera, yotuwa, yoyera bwino ngati tsiku limene inatsika m'sitima. A Marko anati pampando pokha akanasiyapo, fungo likalowa m'nsalu silichoka.

"Lilowe," anatero Ajira.

Ola litakwana anayamba kupakiranso. A Marko anaima pa timabowo paja n'kuyeza ndi dzanja lawo kuchokera pachigongono mpaka kunsonga za zala, nati malo amenewa pasadzakhale kanthu mpaka kalekale, ndipo sabata iliyonse azipukutapo fumbi ndi kansalu. Anathyola nthambi ziwiri n'kuzipanikiza pakati pa mpando wakutsogolo ndi matumba kuti asagwere pamenepo. Atatero, matumba atatu okha ndi amene analowa kumbuyo. Awiri anatsala pamsewu.

Ajira anawayang'ana matumbawo, kenako anayang'ana a Marko.

"Ayi," anatero a Marko. "Ine ndine makaniko."

Patapita kanthawi anali atakhala pampando wakutsogolo, thumba limodzi lili pamapazi, lina pamiyendo, chibwano chili pamwamba pa thumba. Anati akafika kunyumba akazi awo awathamangitsa, ndipo amphaka onse a ku Mangochi awaperekeza mpaka kutchalitchi Lamulungu.

Ajira analiza galimoto. Kanyali kofiira kanali kadakayaka. Anayang'ana a Marko, iwo n'kunena kuti nyali ndi nkhani ya Swadick ndi kabokosi kake, iwo akufuna kumva miyendo ya galimoto. Anachotsa phazi pabuleki. Galimoto inanyamuka mwakachetechete, kenako injini inalowerera. Anafika pokhota poyamba pa awiri aja. Ajira anaponda mafuta pang'ono, akuyembekeza kufooka kuja, koma mpando unamukankha kumsana. Anakhota kachiwiri. Kutsogolo kunali lole ya simenti ikufuka utsi, ikukwawa, ndipo msewu utawongoka anaipitirira.

Anakwera mpaka pamwamba, pamene msewu umayamba kuyenda pakati pa minda ndi mphepo yozizira inalowa pawindo. Ajira anafunsa ngati aime kuti a Marko anene mawu awo.

A Marko anapendeketsa mutu kumbuyo, kumvetsera kafani kaja. Anati lero yakwera. Za mawa adzanena mawa, ndipo akufuna adzaikwerenso sabata yamawa masana dzuwa lili pamutu, chifukwa kukwera kamodzi si umboni.

"Musaime," anatero. "Thumba ili likundipha miyendo, ndipo msika ukutha."

Ajira anawonjezera moto.